Kuyeza ngati thandizo likugwira kapena kumenyera ufulu wa ana: mulowere khomo liti?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la chiwerengero chimenechi anali ana osakwana zaka 18. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti pa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 analowa m'banja asanafike zaka 18. Choncho wachinyamata amene wangomaliza digiri kapena dipuloma, mtima wake uli pa ana ndi pa achinyamata anzake, sangasowe chochita. Amene amasowa ndi munthu womuuza mosabisa kuti makomo olowera ntchito imeneyi alipo angati, ndipo kuseri kwa khomo lililonse kuli zotani.

Pano ndikuyerekeza makomo anayi: kafukufuku ndi kuyeza zotsatira za mapulogalamu, ntchito yosamalira ana m'boma, malamulo, ndi mabungwe omenyera ufulu.

Zoyenera kufunsa musanasankhe

Pa njira iliyonse ndifunsa mafunso anayi omwewo. Kodi kulowamo kudya ndalama ndi zaka zingati? Malo antchito amapezeka bwanji, ndipo kuti? Mukalowa, n'chiyani chimene muyenera kumachita kuti musatsalire? Nanga choipa chimene chingakugwereni n'chotani?

Pansi pa mafunso onsewa pali lina limene ine ndimaliona lalikulu kuposa malipiro a mwezi woyamba: pulojekiti ikatha, mudzatsala ndi chiyani m'manja? Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lodzera ku USAID, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito m'mabungwe kuno kwathu anadzuka m'mawa n'kumva kuti asapitenso kuofesi. Amene anali ndi luso logulitsika kwina anali ndi poyambira. Amene luso lawo lonse linali kudziwa mafomu a wopereka ndalama mmodzi anavutika kwambiri. Werengani zotsatirazi muli ndi zimenezi m'mutu.

Njira yoyamba: kafukufuku ndi kuyeza zotsatira

Ntchito imeneyi ndi yofuna yankho la funso limodzi: kodi thandizo lathuli likusinthadi moyo wa munthu, kapena tikungodzisangalatsa ndi zithunzi za pa mwambo wopereka katundu? Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo pompano. Mu 2008 ndi 2009, ku Zomba kunachitika kafukufuku wopatsa ndalama atsikana a zaka 13 mpaka 22 osakwatiwa pamodzi ndi makolo awo. Anamutsogolera ndi Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Madera anasankhidwa mwamaere: kwina ndalama zinkaperekedwa pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu, kwina zinkaperekedwa popanda lamulo lililonse, kwina sizinkaperekedwa n'komwe. Zotsatira zinadabwitsa ambiri. Ndalama zokhala ndi lamulo zinathandiza kwambiri kusunga atsikana m'kalasi, koma zimene zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati zinali zopanda lamulo zija, chifukwa zinkafikabe kwa mtsikana amene wasiya sukulu, yemwe ndiye ali pachiopsezo chachikulu chokwatiwa. Ofufuza atabwerera patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri linazimiririka. Palibe munthu wa mtima wabwino amene akanadziwa zimenezi pongokhala pa msonkhano wa kuhotela. Zinadziwika chifukwa achinyamata ankayenda khomo ndi khomo n'kumalemba mayankho mosamala.

Mtengo wolowera: pa njira zonse zinayi, iyi ndi yomwe mungayambe ndi ndalama zochepa. Ambiri amayamba ngati ofunsa mafunso m'midzi, atanyamula tabuleti yokhala ndi pulogalamu yolembera mayankho monga SurveyCTO, KoboToolbox kapena CSPro. Digiri ya zachuma, ya chiwerengero cha anthu, ya masamu, ya zaumoyo kapena ya zaulimi kuchokera ku UNIMA, LUANAR, KUHeS, Mzuzu University kapena kwina imakukwezani msanga. Koma chimene chimasiyanitsa munthu wokhala wofunsa mafunso zaka zisanu ndi wokwera kukhala woyang'anira deta ndi luso la mapulogalamu a pakompyuta osanthulira deta: Excel, kenako Stata kapena R. R ndi yaulere. Chimene mungalipire ndi laputopu, bandulo ya intaneti ndi madzulo ambiri osacheza.

Kupezeka kwa malo: kulipo ndithu, koma kumabwera ngati nyengo. National Statistical Office (NSO) ndi Centre for Social Research, onse a ku Zomba, amafuna anthu pakakhala kafukufuku wamkulu. Ku Blantyre kuli Malawi Liverpool Wellcome Programme, ku Lilongwe kuli UNC Project, ku Karonga ndi ku Lilongwe kuli MEIRU. Pafupifupi bungwe lililonse lalikulu lili ndi ofesala wotsatira ndi kuyeza zotsatira za mapulojekiti, amene amatchedwa wa M&E. Palinso mabungwe amene ntchito yawo ndi kutenga chimene kafukufuku watsimikiza n'kuchifikitsa kwa anthu ambiri, monga Evidence Action imene inaika zothirira mankhwala a klorini pa mijigo ndi pa zitsime m'boma la Zomba, kapena GiveDirectly yotumiza ndalama pafoni kwa mabanja osauka. Kudziwa Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena kuwonjezera pa Chichewa kumakuikani patsogolo pa anzanu.

Zofunika kuti mukhalitse: kuphunzira sikutha. Mapulogalamu a pakompyuta amasintha, ndipo satifiketi ya malamulo oteteza anthu ochita nawo kafukufuku imafunika kuikonzanso nthawi ndi nthawi. Muyenera kudziwa kuti kafukufuku wokhudza anthu sayamba popanda chilolezo cha komiti monga NHSRC kapena COMREC, ndipo pofunsa mwana mumafunika chilolezo cha kholo komanso kuvomera kwa mwanayo. Kuti mufike potsogolera kafukufuku wanuwanu, digiri yachiwiri ndi yovuta kuipewa.

Zoopsa: makontirakiti a milungu isanu ndi umodzi kapena miyezi itatu, kenako zii. Chachiwiri ndi chiyeso chobera: dzuwa laswa mtengo, nyumba yotsala ili kutsidya kwa dambo, ndiye mnzanu akuti tiyeni tingodzaza pansi pa mtengo pano. Masiku ano tabuleti imalemba malo ndi nthawi, ndipo oyang'anira amabwerera kukafunsanso mabanja ena. Mukagwidwa kamodzi, mbiri imakafika kutali, pakuti ochita ntchitoyi ndi ochepa ndipo amadziwana. Chachitatu n'cholemera pamtima. Mudzafunsa mtsikana za nkhanza zimene akukumana nazo, adzakuuzani zonse, ndipo ntchito yanu idzakhala kulemba, kumuuza koti akapeze thandizo, n'kupita khomo lina. Si aliyense angapirire zimenezi. Komanso muyenera kukhala wokonzeka kumva kuti pulogalamu yomwe mumaikonda sikugwira. Evidence Action yomweyo inatseka mu 2019 pulogalamu yake ya ku Bangladesh yothandiza anthu akumudzi kupita kutauni kukafuna ganyu m'nyengo ya njala, mwa zina chifukwa chakuti itakulitsidwa sinaonetse zotsatira zomwe inaonetsa poyamba. Ine ndimaona kulimba mtima kotere kukhala ulemu waukulu wa ntchitoyi.

Njira yachiwiri: kusamalira ana m'boma

Achinyamata ambiri amaidumpha njira imeneyi poona malipiro, ndipo ndikuona kuti amalakwitsa. Pulojekiti ya bungwe imafika m'ma T/A awiri kapena atatu. Boma limafika paliponse. Mtukula Pakhomo anayamba ngati choyeserera ku Mchinji mu 2006, anayezedwa bwinobwino ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo lero ali m'maboma onse 28. Amene amamuyendetsa tsiku ndi tsiku ndi maofesala a ku khonsolo. Ngati mumafunadi kuona umboni ukusanduka chinthu chofika kwa agogo olera ana amasiye, malo ake ndi amenewa.

Mbali ya ufulu iliponso. Pansi pa lamulo la 2010 losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana, ofesala wosamalira anthu ndiye amafufuza za mwana amene wapalamula n'kulembera khothi la ana lipoti la m'mene akukhalira kwawo. Lipoti limenelo lingachititse kuti mwana abwerere kwa makolo ndi uphungu m'malo mopita kumalo osinthira khalidwe la ana olakwira malamulo ku Mpemba kapena ku Chilwa. Ndi ofesala yemweyo amene amagwira ntchito ndi apolisi a Victim Support Unit ndi achipatala mwana akagwiriridwa.

Mtengo wolowera: satifiketi kapena dipuloma ya ku Magomero College m'boma la Chiradzulu ndi khomo lakalekale la ntchitoyi. Digiri ya social work kapena ya zachikhalidwe cha anthu imakuyambitsani pa giredi yapamwamba.

Kupezeka kwa malo: anthu akufunika kwambiri, koma kulemba ntchito kumadikira bajeti, ndiye mutha kudikira nthawi yaitali. Ambiri oteteza ana m'midzi amagwira mongodzipereka, osalandira malipiro a boma. Pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi ndi polowera pabwino kuti akudziweni.

Zofunika kuti mukhalitse: kuleza mtima, ndi ubale wabwino ndi mafumu, aphunzitsi aakulu, magulu a amayi a pasukulu ndi makomiti a chitukuko. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo zimenezi zikuonetsa kuti kumudzi mawu a mfumu amafika kumene kalata ya ofesi siifika. Ofesala amene amapeputsa mafumu sapita patali.

Zoopsa: malipiro amene amadyedwa ndi kukwera mtengo kwa zinthu, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Milandu yambiri pa munthu mmodzi, mafuta a njinga yamoto kulibe. Ndipo pali matenda a alawansi, pomwe munthu amayamba kusankha ntchito poona envelopu, nkhani ya mwana yopanda wolipira n'kumagona mu fayilo. Komanso wantchito wa boma sangaime pagulu kudzudzula boma. Mbali yabwino ndi yakuti ntchito siitha ndi pulojekiti, ndipo penshoni ilipo.

Njira yachitatu: malamulo

Pali zinthu zimene zikwangwani ndi ma wailesi zingalire zaka khumi osazisuntha, koma chigamulo chimodzi n'kuzitembenuza. Kwa zaka zambiri ana achi Rasta ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Mu Januwale 2020 khothi lalikulu ku Zomba linapereka chiletso choti ana alowe m'kalasi, ndipo mu Meyi 2023 Justice Zione Ntaba anagamula kuti kuwakaniza kukutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Januwale 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda amene anamangidwa akupita kumsika m'bandakucha, khothi lalikulu linathetsa ndime ya vakabu imene apolisi ankagwirira anthu popanda chifukwa chomveka, ndime imene inkagwera kwambiri anyamata osauka a m'tauni. Mu 2020 a Women Lawyers Association anapambana mlandu wa amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi, khothi n'kulamula kuti apatsidwe chipukuta misozi.

Mtengo wolowera: uwu ndiye wokwera kuposa yonse. Ku UNIMA simulowa za malamulo molunjika kuchokera ku Fomu 4. Mumayamba mwachitako maphunziro ena a payunivesite, n'kupikisana pa malo ochepa, kenako zaka zinayi za digiri. Ku mayunivesite omwe si a boma fizi ndi yowawa, ndipo musanalipire tambala fufuzani ngati digiri yawo ndi yovomerezeka kuti ikufikitseni ku Malawi Institute of Legal Education ndi kukalembedwa m'kaundula wa maloya. Koma m'nyumba yomweyi muli khomo laling'ono lotsika mtengo: ntchito ya paralegal, munthu wothandiza anthu pa za malamulo koma asali loya. Dipuloma ya zamalamulo imakwana. A Paralegal Advisory Service Institute, amene ntchito yawo inayamba mu 2000, amalowa m'ndende ndi m'zitokosi za apolisi kukafufuza ana osungidwa pamodzi ndi akuluakulu, kusaka makolo awo, ndi kuthandiza omangidwa kumvetsa za belo. Pa kukhudza moyo wa mwana lero lomwe, ndi ntchito zochepa zimene zingapose imeneyi.

Kupezeka kwa malo: Legal Aid Bureau, Malawi Human Rights Commission, ofesi ya Ombudsman, CHREAA ndi mabungwe ena otere. Malo ake si ambiri, ndipo ochuluka ali m'mizinda.

Zofunika kuti mukhalitse: loya amakonzanso chilolezo chake chaka ndi chaka, ndipo kuwerenga zigamulo zatsopano sikusiyika.

Zoopsa: milandu imachedwa, moti mwana amene munayamba kumuimira ali Sitandade 5 atha kumva chigamulo atakula. Kupambana m'khothi si kutha kwa nkhani, chifukwa pamafunika wina wotsatira ngati chigamulo chikutsatidwa ku sukulu ya kumudzi ndiponso ngati chipukuta misozi chafika. Ndipo pali chokoka china: mukakhala ndi ngongole ya sukulu ndi abale oyang'ana kwa inu, milandu ya makampani ndi ya malo imalipira bwino kwambiri kuposa ya mwana wa mumsewu. Ambiri amalowa ndi cholinga cha ufulu n'kutuluka ali kwina. Sindikuwaweruza, ndikungoti muziwerengeretu zimenezi. Paralegal nayenso adziwe malire ake: ntchito yaikulu yoimira munthu pamaso pa woweruza ndi ya loya.

Njira yachinayi: mabungwe omenyera ufulu, kapena kuyambitsa lanu

Iyi ndi njira imene imakopa ambiri, ndipo ili ndi zipatso zoonekadi. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Mpata umenewu unatsekedwa mu Febuluwale 2017 aphungu atasintha malamulowo, ndipo atsikana ndi mabungwe amene anakakamira nkhaniyi zaka zambiri ali ndi gawo lalikulu pa chipambanocho. YONECO ya ku Zomba, yomwe inayamba mu 1997, imayendetsa nambala yaulere ya 116 imene mwana ali pamavuto angaimbe.

Mtengo wolowera: pa ndalama ndi wochepa, pa nthawi ndi waukulu. Ambiri amayamba mongodzipereka, mwina chaka chathunthu akudya za makolo. Kuyambitsa bungwe lanu kumafuna malamulo oyendetsera, komiti yoyang'anira, akaunti ya kubanki, ndi kulembetsa: gulu la achinyamata ku National Youth Council of Malawi, bungwe lalikulu ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si a boma.

Kupezeka kwa malo: khomo lolowera ndi lotseguka, koma mipando yolipidwa ndi yochepa ndipo imadalira kwambiri ndalama zakunja.

Zofunika kuti mukhalitse: kulemba mapempho a ndalama, malipoti, kuwerengetsa mabuku chaka chilichonse, ndi malamulo oteteza ana amene aliyense wa m'bungwe wasainira. Apa ndi pomwe njira iyi imakumana ndi yoyamba ija. Opereka ndalama masiku ano safuna kumva kuti munaphunzitsa anthu angati. Amafunsa kuti ndi atsikana angati anabwerera kusukulu, ndipo angati adakali komweko chaka chitatha. Womenyera ufulu amene amatha kuwerenga bajeti ya unduna, kutenga chiwerengero ku NSO, ndi kugwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, amamvedwa mosiyana kwambiri ndi amene wangobwera ndi mkwiyo. Mkwiyowo ndi woyenera, koma pawokha sukhalitsa m'chipinda cha komiti ya aphungu.

Zoopsa: apa zoopsa zimafika pa thupi. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu 20 anataya miyoyo. Mu Seputembala chaka chomwecho Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic yemwe ankadzudzula boma, anapezeka atafa pa sukulupo, ndipo komiti yofufuza inapeza kuti anachita kuphedwa. Ntchito zambiri za ufulu wa ana sizifika pamenepo, koma kuopsezedwa ndi achibale a wogwiririra mwana, kapena kusalidwa m'mudzi chifukwa mwathetsa ukwati umene anthu anadyerapo kale, n'zinthu zamasiku onse. Choopsa china ndi cha mkati: bungwe kusintha cholinga chaka chilichonse potsata kumene ndalama zalowera, lero maukwati a ana, mawa kusintha kwa nyengo, mpaka osadziwikanso chimene limadziwa. Ndipo andale amakonda achinyamata olankhula bwino. Mukangovala nsalu ya chipani, mawu anu pa nkhani ya ana amachepa mphamvu kwa theka la anthu amene mumafuna kuti akumvereni.

Ndiye inu mulowere kuti?

Ngati masamu sakuopsani, mulibe ndalama zopitirizira sukulu pakali pano, ndipo mukufuna luso loti mudzaligulitse ngakhale ku banki, ku kampani ya mafoni kapena kunja, yambani ndi kafukufuku. Pitani kumudzi ndi tabuleti, koma usiku phunzirani kusanthula deta, kuti musakalambire pa kufunsa mafunso.

Ngati muli ndi banja lodalira inu ndipo kontirakiti ya miyezi itatu ingakusowetseni tulo, kapena mumakonda kwanu ndipo simufuna kuthamangira ku Lilongwe, tsatani njira ya boma. Pa nthawi yodikira kulembedwa, dziperekeni ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu.

Ngati magiredi anu ndi apamwamba, pali wokuthandizani fizi kapena mwapeza ngongole ya ophunzira, ndipo mumatha kukhala ndi buku maola ambiri, pitani ku malamulo. Ngati mtima ulipo koma thumba likukana, yambani ngati paralegal. Zimene mudzaone m'zitokosi zidzakuuzani ngati digiri ya uloya mukuifunadi.

Ngati mphatso yanu ndi yosonkhanitsa anthu ndi kulankhula, lowani bungwe limene lilipo kale, ndipo mufunse kuona lipoti lawo la zachuma ndi malamulo awo oteteza ana musanavomere. Kuyambitsa lanu ndikulangiza kuti mudikire kufikira mutagwirapo zaka zingapo pansi pa ena, mutadziwa mudzi umodzi bwinobwino ndi vuto limodzi mpaka kumizu.

Kwa amene ali kale pa ntchito ina, monga mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena wapolisi, simufunika kusiya ntchito kuti mulowe m'nkhaniyi. Mphunzitsi wamkulu amene amatsatira mtsikana aliyense wosiya sukulu, kulemba chifukwa chake, ndi kugwiritsa ntchito ndondomeko yolola amene anabereka kubwerera m'kalasi, akuchita kale mbali zonse ziwiri, kuyeza zotsatira ndi kumenyera ufulu wa ana. Chimene angawonjezere ndi kosi yaifupi ya M&E kapena ya malamulo a ana, ndi nambala ya foni ya ofesala wosamalira anthu wa m'dera lake.